Kamwana ka M'basi

1

Dzina langa ndine Khalidi Waziri, ndipo ngati simunalimvepo ndiye kuti simuyenda. Lipenga langa lalira ku Durban, ku Maputo, ku Mombasa, ndi m'sitima zapamadzi zotalika kuposa msika wa Limbe. Ndinachoka ku Liwonde ndi thalauza limodzi ndi lipenga la bambo anga m'chikwama. Palibe anandigwira dzanja. Lero masuti anga sakwana m'kabati, ndipo telala wa ku Najma, kuno ku Doha, akandiona amaimirira.

Koma munthu yemweyu ndinagwadapo mu ofesi ya mzungu wamng'ono kwa ine, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa cha mkazi. Kuti muimvetse nkhaniyi, tiyambire kwa bambo.

Che Waziri anaphunzira kuimba ku Salisbury m'zaka za m'ma 1950. Ntchito yawo inali yokolopa m'holo ya dansi. Akamaliza ankabisala kuseri kwa katani n'kumamvera mabandi a malipenga ambiri akuimba swingi, nyimbo zija zimagwedeza phewa mwini wake asanavomere. Atabwerera kumudzi anasonkhanitsa anyamata, n'kuwaveka masuti oyera, n'kuwatcha Akadzidzi a Waziri, poti sankagona. Mashehe ankati lipenga ndi mlomo wa Shetani, koma ana awo omwe ndiwo ankadzaza maholo. Bandiyo inkayenda pa basi yakale yabuluu, mayi anga a Zuhura ali momwemo, kuphikira oimba ndi kusita masuti.

Bambo anapeka nyimbo zambiri, koma imodzi ndiyo inkatsekera dansi iliyonse: "Kamwana ka M'basi." Inalibe mawu. Malipenga okha, pang'onopang'ono, ngati ukugwedeza khanda kumsana. Bambo atamwalira ndinaitenga, ndipo kulikonse komwe ndafika, ndisanaiimbe ndinkauza anthu kuti, "Kamwana kameneka ndine! Ndinakulira m'basi ya bandi!"

Palibe anandiuza zimenezo. Koma kakanakhala ndani? Ana tinabadwa awiri, ndipo mng'ono wanga Latifu anamwalira ali khanda. Nditawafunsa mayi tsiku lina anangoti, "Imba nyimbo, usiye mafunso." Ine ndinati amenewo ndi manyazi a anthu akale.

2

Mu Januwale 2020 ndinali mtsogoleri wa bandi ya hotela ina yaikulu ku Doha. Mmalawi mnzanga m'bandimo anali mmodzi, Macfussy wa ku Mzimba, woimba saksafoni, amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku Najma.

Lachisanu lina masana tinaitanidwa kukaimba paphwando m'nyumba ina ya mpanda wautali ku Al Murra. Tinawaimbira mpaka nkhalamba zinaiwala ndodo. Nditafika pa nyimbo yotsekera, ndinamva mawu a mkazi akutuluka pazenera la kukhitchini, akutsata lipenga langa osaphonya:

*Gona, kamwana ka m'basi,*
*msewu ndi wautali,*
*bere ndi lobwereka,*
*koma loto ndi lako.*

Ndinatsala pang'ono kumeza kamlomo ka lipenga. Nditamaliza ndinathamangira kukhitchini. Ndinapeza mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamtali, mpango wakuda kumutu, manja ali m'thovu.

"Mayi, mawu amenewo mwawatenga kuti?"

"Bambo anga ankandiimbira."

"Nyimbo imeneyi ilibe mawu. Ndikudziwa ndine, mwini wake. Khalidi, mwana wa Che Waziri!"

Mbale inam'pulumuka n'kugwera m'madzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa a Zuhura?"

Mpaka dzina la mayi anga akulidziwa! Mumtima ndinati kutchuka ndi kumeneku.

"Warda! Yalla, fulumira!" anakuwa madamu a m'nyumbamo ali pabalaza.

Ndinamuponyera khadi langa m'thumba la epuloni, iye n'kuthamanga.

M'basi pobwerera Macfussy ankangoseka. "Akulu, bere lobwereka? Inu munayamwa bere lobwereka?"

"Ndi ndakatulo imeneyo, iwe. Uzingoimba saksafoni, zozama uzisiyira ife."

3

Kenaka kunabwera Korona. M'mwezi wa Malichi hotela yathu inasanduka malo otsekeramo anthu obwera kunja. Bandi inatha ngati moto wa mapesi. Ena anabwezedwa kwawo. Ine ndi Macfussy tinapatsidwa mamasiki ndi magolovesi, n'kutiuza kuti tizinyamula mathireyi a chakudya, kusiya pakhomo, kugogoda, n'kuthawa. Ine, Khalidi Waziri, amene kaputeni wa sitima anandigwira chanza pamaso pa anthu!

Chimene chinkandisunga ndi foni ya Warda. Ankaimba masana madamu akagona, akunong'ona ali m'kachipinda kochapira.

"A bwana a bandi, mathireyi akuyenda bwanji?"

"Ngakhale thireyi ndimanyamula mwa swingi. Inu muli bwanji?"

Poyamba ankaseka. Miyezi ikupita, kuseka kunachepa. Madamu anati palibe day off mpaka matenda athe. Geti linkakhala lokhoma, pasipoti ili m'kabati ya madamu. Agogo a m'nyumbamo atadwala Korona, ana awo onse anathawira kuchipinda chapamwamba, n'kumutsekera Warda ndi wodwalayo. Naye anadwala. Ankakolopa akutsokomola. Tsiku lina ananditumizira chithunzi cha manja ake: bulichi anali atawasenda ngati mbatata yophika.

"A Khalidi, ine ndifera muno," anatero. "Akadzanditumiza kwathu m'bokosi, mudzawauze kuti ndinayesetsa."

"Simufa. Ndikutulutsani, ndipo ndikukwatirani. Mwamva? Ine sindilonjeza kawiri."



"Nditulutseni kaye. Zinazo tidzakamba."

Ine ndinamva ngati wavomera. Mkazi wanga woyamba anatopa ndi maulendo anga kalekale, ndipo sindinkaganiza kuti mtima wanga ungagundenso chonchi. Madzulo amenewo ndinavina ndekha m'chipinda, Macfussy akupukusa mutu.

4

Mu Seputembala mbiri inadzaza Najma yense: lamulo lasintha, wantchito akhoza kusintha bwana popanda chilolezo cha bwana wakale. Chofunika ndi kupeza wina wokulemba, n'kupereka notisi kudzera ku unduna.

Wina wokulemba. M'chaka chimene mahotela ankachotsa anthu ngati nsabwe!

Koma mwayi unali utandiyang'ana. Maneja wathu anandiitana n'kunena kuti malo odyera adzatsegulidwa kumapeto kwa chaka. Malipenga ayi, poti amamwaza mpweya. Piyano yokha ndi woimba mmodzi wamkazi kuseri kwa galasi. Woimbayo ankafuna kumuitanitsa ku Manila.

"Bwana, woimba ndili naye kale. Ali konkuno."

"Waimbapo kuti?"

"Kukhitchini."

Anaseka n'kutembenukira ku kompyuta. Ndinamuikira mawu a Warda amene ananditumizira pafoni, makina ochapira akulira kumbuyo. Anamvetsera pang'ono.

"Mawu ndi abwino, Khalidi. Koma wantchito wa m'nyumba ndi mavuto. Khalas, nkhani yatha."

Apa m'pamene ndinagwada. Ndinagwira mwendo wa tebulo lake. Ndinamuuza za manja aja. Ndinalonjeza kuti ndidzanyamula mathireyi masana n'kuimba piyano madzulo, osapuma, osadandaula. Ndinati achotse dzina langa pachikwangwani, alembe la hotela lokha. Dzina limene ndinalimanga zaka zonsezi ndinalipereka ngati chovala chakutha.

"Dzukani, bambo, mukundichititsa manyazi," anatero. "Ndim'lemba. Koma adzakhala woyesedwa. Mukadzangondiuza kuti sakutha, abwerera kwawo."

Ndinatuluka ndikupukuta maso ndi masiki.

5

Madamu atalandira uthenga wa notisi pafoni, nyumba inayaka. Warda anangokwanitsa kundiuza kuti, "Akuti akandinenera kupolisi kuti ndathawa." Foni inaduka, ndipo siinalirenso.

Sabata inatha, ina inatha. Ndinkaimba, foni yozima. Chakudya sindinkachikhudza. Ndinasiya thireyi ya munthu wosadya nyama pakhomo la munthu wofuna nkhuku, ndipo ndinatukwanidwa m'zilankhulo zitatu.

"Akulu, mukuonda," anatero Macfussy. "Suti ikukuvalani ndi iyo tsopano."

"Ndipita ku Al Murra."

"Mukatani? Mukagogoda? Akakumangani, ine ndidzauza chiyani amayi anu?"

Ndinapita. Lachisanu masana, dzuwa likuswa mutu, msewu uli wopanda ngakhale mphaka. Ndinaima kuseri kwa mpanda, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Ndinatulutsa lipenga la bambo, n'kutseka kukamwa kwake ndi chipewa changa kuti lisafuule, monga ankachitira iwo. Ndinatsitsa masiki, ndinaimba "Kamwana ka M'basi."

Ndinaimaliza. Zii. Ndinayambiranso. Mlonda wa nyumba yoyandikana anatuluka, foni ili m'manja.

Pamenepo, kuchokera padenga pomwe amayanika zovala, mawu anatsika, ofooka koma osaphonya: *msewu ndi wautali…*

Ali moyo! Ndinathamanga mpaka pamsewu waukulu, lipenga lili kukhwapa, ndikuseka ndi kulira ngati wamisala. M'mawa mwake ndinapita ndekha ku ofesi ya zantchito kukadandaula za pasipoti ndi geti lokhoma. Anandibweza, ndinapitanso. Anandiuza kuti ndidikire, ndinadikira mpaka mlembi anayamba kundipatsa moni ndi dzina.

6

Warda anatuluka kumapeto kwa Novembala, atanyamula jumbo imodzi ndi pasipoti. Anali atatha ngati nsungwi. Hotela inam'patsa bedi kunyumba ya antchito aakazi, ndipo tinayamba kuyeserera nyimbo. Abale, mkazi uja amaimba! Sankadziwa kuwerenga manotsi, koma swingi inali m'mafupa mwake. Amachedwa pang'ono dala, n'kukupeza pakona.

Ine sindinadikire. Ndinalengeza pagulu la Amalawi la pafoni kuti Khalidi Waziri akumanga nikah, ukwati wa Chisilamu. Ndinauza Che Cassim, dalaivala amene amatitsogolera mapemphero, kuti akonzeke. Telala anayamba kusoka suti yoyera.

"Mwafulumira," anatero Warda, nkhope ili pansi. "Pali zoti tikambe."

"Tidzakamba tili m'banja. Moyo wonse tidzakhala tikukamba!"

"A Khalidi, mverani…"

"Lachisanu tiwaimbira mayi. Akuoneni mpongozi wawo."

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ine ndinati manyazi. Mwaona kale kuti chilichonse chimene mkazi sananene, ine ndinkachitcha manyazi.

7

Lachisanu tinakhala pabenchi ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, motalikirana monga lamulo linkafunira. Ndinaimba foni ya kanema. Mayi anayankha monga mwa nthawi zonse, foni ataiyandikiza kwambiri moti ndinkangoona chipumi.

"Mayi, italikitseni pang'ono. Eya. Onani mkazi amene ndakupezerani."

"Iwe ndi akazi ako. Salaam aleikum, mwanangu. Kwanu n'kuti?"

"Ku Machinga, amayi," anatero Warda.

"Mwana wa yani?"

Warda anandiyang'ana, kenaka anatsitsa masiki.

"Wa Che Tabu. Woimba ng'oma wa Akadzidzi."

Chithunzi chinagwedezeka. Ndinaona denga la malata, kenaka khoma, kenaka nkhope ya mayi, pakamwa pali yasa.

"Warda? Kamwana kanga?"

"Ndine, amayi."

Mayi analira kulira kumene sindinakumve ngakhale pamaliro a bambo. 

"Mayi, mukum'dziwa?"

"Khalidi, iwe unali kusukulu ku Zomba kwa amalume ako. Tinali paulendo wa ku Chipata. Latifu anandifera m'manja ndi chikuku. Sabata yomweyo mkazi wa Che Tabu anamwalira atangobereka. Ine ndinali ndi mkaka wopanda mwana, uyu anali mwana wopanda mkaka. Ndinamuyamwitsa m'basi muja dzinja lonse, mpaka anamera mano. Bambo ako anapeka nyimbo ija akutiyang'ana, mawu ndinaikamo ndine. Kenaka amalume ake anabwera, akuti mwana ndi wa kuchikazi. Anam'chotsa pabere panga akulira. Ndinataya ana awiri chaka chimodzi, n'chifukwa chake sindinkafuna mafunso ako."

Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, kenaka anandiyang'ana ine.

"Wati ukufuna kutani naye?"

Anadziyankha okha mofuula:

"Astaghfirullah! Khalidi, ameneyo ndi mlongo wako!"

8

Kwa inu amene simuli Asilamu: kwathu mwana amene wayamwa bere la mayi ako mpaka kukhuta ndi m'bale wako. Chimene magazi amaletsa, mkaka umaletsanso. Palibe shehe angamange ukwati wotero, ngakhale utam'lonjeza ngamila.

Foni itaduka ndinatembenukira kwa Warda.

"Munkadziwa."

"Kuyambira tsiku lija kukhitchini. Bambo asanamwalire anandiuza kuti ndili ndi amayi awiri, wondibereka ndi wondiyamwitsa, mkazi wa Che Waziri."

"Ndiye chaka chonse munkandiseweretsa? Ndinagwada, Warda! Ndinapereka dzina langa! Bwanji osangonena?"

"Ndinayesa kangapo. Inu mumamvera munthu?" Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja lake la zipsera. "Komanso ndinkaopa, sindikana. Ndili ndi alongo anga atatu ku Machinga, a mimba ya mayi anga aang'ono, amene ndinakula nawo mbale imodzi. Onse ndinawaimbira. Mukudziwa anati chiyani? 'Pirira, Warda, ntchito ndi choncho.' Mwamuna amathyola mpanda chifukwa cha mkazi amene akum'funa. Mlongo amangomuuza kuti apirire. Ndiuzeni zoona, mukanadziwa kuti ndine mlongo wanu, mukanagwada?"

Ndinanyamuka n'kuyenda wapansi mpaka ku Najma.

Mbiri inali itafika kale kumeneko, poti mayi anali atauza azakhali, azakhali n'kuuza dziko. Pamalo osinthira ndalama Amalawi anzathu ogwira ulonda ankagwirana mapewa. "Uyo akubwera, mkwati wa mlongo wake!" Wina anafuula kuti, "Big man, suti yoyera ija mundibwereke!" Che Cassim anangondigwira paphewa n'kunena kuti ndithokoze Allah kuti zadziwika nikah isanamangidwe. Ine kuthokoza kunali kutali.

Lolemba ndinaima pakhomo la maneja. Mawu anali okonzeka pamlomo: sakutha kuimba. Mawu awiri okha, ndipo Warda akanakwera ndege, manyazi anga n'kupita naye.

Macfussy anandipeza pomwepo, thireyi ili m'manja.

"Akulu, mwaima ngati mukudikira chakudya."

"Anandinamiza, Macfussy."

"Eya, anakunamizani. Nanga funso lake lija munaliyankha?"

Ndinali nditamuuza zonse. Ndinayang'ana chitseko. Ndinadzifunsa ndekha, popanda gulu loti lindiombere m'manja: ndikanagwada? Yankho linabwera, ndipo silinali lokoma. Ndikanam'tumizira mawu olimbikitsa ndi ka vesi. Ndikanati pirira.

Sindinagogode.

9

Tsiku lotsegulira, matebulo anali otalikirana, anthu ochepa. Pachikwangwani panalibe dzina langa. Ndinavala suti yoyera ija, poti telala sabweza nsalu. Warda anaima kuseri kwa galasi, manja atawabisa m'magolovesi aatali. Kuyambira ku Corniche tinali tisanalankhulane china kupatula nyimbo.

Itakwana nthawi yotsekera, ndinakokera maikolofoni pafupi monga ndachitira m'maiko onse. Pakamwa panga panayamba pokha: "Nyimbo iyi anapeka ndi bambo anga, ndipo kamwana kameneka…"

Ndinaima. Warda ankayang'ana pansi.

"Kamwana kameneka si ine. Ndakhala ndikunama kuyambira ku Durban mpaka kuno. Mwini nyimbo ndi uyu. Mlongo wanga, Warda."

Azungu ndi Aluya aja anaomba m'manja osadziwa chimene chachitika. Warda anadzutsa mutu.

"Yambani, achimwene," anatero chapansipansi. "Musathamange."

Tinaimba. Foni inali pamwamba pa piyano, ndipo ku Liwonde chipumi cha mayi chinkagwedezeka motsata nyimbo.

Owerenga anga, musaganize kuti mtima unachira tsiku lomwelo. Chikondi sichimva lamulo msanga. Panapita miyezi ndisanathe kumuyang'ana m'maso popanda chinachake kundibaya m'nthiti. Lero malipenga anabwerera, bandi ndi yodzaza, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti ku Doha kulibe ina yotiposa. Anthu amabwera kudzamva Warda, ine ndimangoima pambali ndi lipenga langa. Ku Najma amandisekabe, ndipo ndinasiya kuyankha.

Koma funso lake silinandichoke. Ambiri a inu muli ndi alongo kuseri kwa mipanda yaitali, kuno, ku Oman, ku Joni. Amakuimbirani masana akunong'ona, makina ochapira akulira kumbuyo. Ine ndinathamanga chifukwa ndinkafuna mkazi, ndipo Mulungu anandiseka n'kundipatsa mlongo. Inu mukudziwa kale kuti woimba foniyo ndi ndani. Ikadzaliranso, musadzamuuze kuti apirire. Mudzam'funse kuti geti lili mbali iti.